Chenjezo: ma app osawadziwa mu foni yanu sabwera ndi ufiti

Abale anga a mu Lusaka, inu a ku Chawama, Matero, Mtendere ndi konse uko, lero ndilankhula ngati mkulu wanu ndipo amene akwiye akwiye. Ndatopa nako kudandaula koti "foni yanga yangodzaza ma app, sindikudziwa achokera kuti, bandulo ikutha usiku umodzi", ena mpaka kumati wina wawalodza. Palibe ufiti apa. Nthawi zambiri amene watsegula njira ndinu nomwe, ndi chala chanu chothamangira kudina Allow, OK, Next osawerenga ngakhale mzere umodzi. Koma paja chala sichiloza mwini, ndiye mlandu umagwera netiweki kapena mwana wa mlongo wanu.

Tiyambe ndi dyera la zaulere. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, walandira linki mu gulupu ya WhatsApp yoti "dinani apa mulandire 50GB yaulere" ndipo iye wadina basi, ngati kuti pali kampani imene imagawa bandulo kudzera mwa alamu anu. Ena ndi aja ofuna GB WhatsApp, WhatsApp yachinyengo ija, kuti aziwerenga mauthenga ofufutidwa, ena akufuna app yoonera mpira wa ku England osalipira, ndipo achinyamata athu a beting'i akusaka app yolosera kuti kandege ka mu gemu ya beting'i kagwa nthawi yanji. Zonsezi zimabwera ngati fayilo ya APK, fayilo yoikira app mu foni, kunja kwa Play Store, ndipo foni imakuchenjezani ndithu kuti chinthuchi sichikudziwika kumene chachokera, inu nkupita ku Settings kukatsegula nokha Install unknown apps. Mwapereka kiyi wa nyumba kwa mlendo amene simukumudziwa dzina, ndiye mukudabwa chani akayamba kuitana abale ake? App imodzi yoipayo ndi imene imakoka anzake mwakachetechete, ina imabisa ndi chithunzi chake chomwe kuti musaione pa sikirini. Komanso dziwani kuti eni ake a WhatsApp amatseka ma akaunti a anthu ogwiritsa ntchito ma WhatsApp achinyengowa.

Kenako pali ka uthenga kaja kamene kamatulukira muli pa intaneti, kofiira, foni nkunjenjemera, kakuti foni yanu ili ndi ma virus, batire iwonongeka, ikani cleaner pompano. Bodza lenileni. Tsamba la pa intaneti silingapime foni yanu kuona ngati ili ndi virus. Mukaika cleaner kapena booster ameneyo ndiye mwadziitanira vuto lenilenilo, malonda osatha ngakhale mukufuna kungoimba foni. Tsekani tsambalo basi.

China chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Mumagula foni ku tauni, kaya ku Katondo Street kaya ku City Market, nkusiyira mnyamata kuti "mwana wanga nditsegulire zonse, undiikire nyimbo ndi mafilimu", inu nkupita kukagula ndiwo ku Soweto. Sindikunena kuti anyamata onse ndi akuba ayi, ambiri akungosaka ya ufa, koma amathira mulu wa ma app pa Xender kapena SHAREit amene ngakhale iwo sakudziwa kuti anachokera kuti. Choipitsitsa, ena amakulowetserani imelo yawo ya Google kapena amakutsegulirani yanu pasiwedi nkuisunga iwo. Kodi mukudziwa kuti munthu amene ali ndi akaunti ya Google imene ili mu foni yanu akhoza kukhala pa kompyuta ku Kabwe, kutsegula Play Store nkutumiza app ku foni yanu inu muli mtulo? Akaunti ikhale yanu, pasiwedi muisinthe nokha mukafika kunyumba. Ndipo adzukulu amene mumawapatsa foni kuti asiye kulira, gemu iliyonse yaulere ili ndi malonda, mwana akangogunda pamenepo nkudina Install app ina yalowa.

Kunena chilungamo, si zonse zili mlandu wanu. Mafoni ambiri, makamaka otchipa, amabwera ndi ma app oikidwiratu kufakitale, ena sachotseka, mumangowagoneka ndi Disable. Ndipo zinachitikapo zoopsa, mu 2020 ofufuza anapeza kuti mafoni ambiri a Tecno W2 ogulitsidwa ku maiko ngati Ethiopia, Ghana, Cameroon ndi South Africa anali ndi pulogalamu yoipa ya Triada, imene imakoka ina yotchedwa xHelper, yomwe inkabwerera ngakhale munthu atafufuta zonse mu foni. Koma zimenezo zisakhale pobisalira panu.

Musaone ngati ndi nkhani ya malo odzaza chabe. Mu foni imeneyo muli Airtel Money, muli MoMo, muli ndalama za chilimba ndi za sukulu fizi. App imene mwailola kuwerenga ma SMS ikuonanso manambala achinsinsi aja amene banki imatumiza. Imene mwaipatsa chilolezo chotchedwa Accessibility imaona zonse za pa sikirini ndipo ikhoza kudina mabatani m'malo mwanu. Tochi ikufuna manambala a anthu anu onse kuti itani nawo? Nanga ma app a ngongole aja, mwabwereka K300 ndipo mawa lake abusa anu ndi apongozi alandira uthenga woti ndinu wakuba. Kuyambira mu 2023 Google inaletsa ma app a ngongole a mu Play Store kutenga manambala ndi zithunzi za anthu, ndiye ya ngongole ikakupemphani zimenezo thawani.

Tsono madzulo ano khalani pansi ndi foniyo. Lowani ku Settings, Apps, muone mndandanda wonse mpaka pansi, osati zapasikirini zokha, ina mudzaipeza ilibe dzina ngakhale chithunzi, kampata koyera chabe, chotsani. Sakani Install unknown apps muzimitse pa Chrome, WhatsApp, Xender ndi file manager yomwe. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba, Play Protect, muiuze ipime foni ndipo isazimitsidwenso, ngakhale app ina ikuuzeni kuti muzimitse. App yoipayo ikakana kuchoka, onani ku Device admin apps, mwina inadzipatsa udindo kumeneko, ichotsereni mphamvu kaye. Ikavutabe yatsani foni mu Safe mode, pa mafoni ambiri mumagwira batani lozimitsira kenako nkukanikiza Power off kwa kanthawi, apo ma app obwera amagona ndipo mumawazula bwinobwino. Ma update a foni musamawakane chifukwa choumira bandulo.

Zonse zikakanika ndiye factory reset, kufufuta zonse mu foni, koma sungani kaye zithunzi ndi manambala kwina, ndipo foni ikamayambanso ikakufunsani zobwezeretsa ma app akale musangodina onse, sankhani amene mukuwadziwa okha. PIN ya mobile money ndi pasiwedi ya Google musinthe tsiku lomwelo. Amene makolo anu saona bwino zilembo zing'onozing'ono, pitani mukawachitire inuyo Loweruka likubwerali, osawatumiza kwa mnyamata wa pa buti.