Catherine wa ku Aragon sanali mayi wamakani

Anthu akamakamba za Henry VIII, mfumu ya ku England imene inakwatira akazi 6, amathamangira kwa Anne Boleyn amene anadulidwa mutu. Mkazi woyambayo amangomutchula modutsa, ngati mayi wamakani amene anakakamira banja loti latha kale. Ine zimenezi zimandipweteka mumtima. Catherine wa ku Aragon anakhala m'banja ndi Henry zaka pafupifupi 24, kuposa akazi asanu enawo kuwaphatikiza pamodzi, ndipo chimene anakana chinali choyenera kukana.

Kuti mumumvetse, yambani mwaona banja limene anachokera. Anabadwa mu Disembala 1485 ku Alcalá de Henares, ku Spain, ali chitsirizira cha mfumu Ferdinand wa ku Aragon ndi mfumukazi Isabella wa ku Castile. Mayi akewo sanali mfumukazi chifukwa chokwatiwa ndi mfumu ayi. Castile linali dziko lawolawo, ankalilamulira iwo eni, ndipo ku nkhondo ankapita. Pamene mzinda wa Granada unagonja mu 1492, Catherine anali ndi zaka 6 ndipo anakulira mu zimenezo. Mayi ake anaonetsetsanso kuti ana aakazi aphunzire Chilatini ndi zina zimene pa nthawiyo ankangophunzitsa anyamata. Munthu wokula akuona mayi ake akulamulira dziko simungamuuze kuti mwana wamkazi sangalowe ufumu iye n'kukuvomerani.

Koma banja lomwelo linkagwiritsa ntchito ana aakazi pomanga ubale ndi maiko ena. Mkulu wake Isabella anakwatiwa ku Portugal, mwamuna atamwalira anamukwatitsanso kwa mfumu Manuel, ndipo anamwalira pobereka mu 1498. Patangotha zaka ziwiri anatumiza mng'ono wake Maria kwa mwamuna yemweyo. Mlongo wawo mmodzi yekha, Juan, anamwalira mu 1497 ali ndi zaka 19. Mkulu wake wina, Juana, amene anayenera kulowa m'malo mwa mayi awo, anamunena kuti wachita misala n'kumutsekera ku Tordesillas kuyambira 1509 mpaka imfa yake mu 1555. Anamutsekera ndi bambo ake omubala, Charles, mwana wa Juana yemweyo, n'kudzapitiriza. Catherine nayenso anamutomera kwa Arthur, mwana wa mfumu Henry VII ya ku England komanso mkulu wake wa Henry VIII, ali ndi zaka zitatu zokha.

Ukwati ndi Arthur unachitika mu Novembala 1501 ku London. Pofika Epulo 1502 Arthur anali atamwalira ku Ludlow, ndipo Catherine anasanduka wamasiye ali ndi zaka 16, m'dziko lachilendo. Apa m'pamene ndimawadandaula kwambiri bambo ake. Kumeneko chuma cha ukwati chinkachokera kuchikazi, ndipo Ferdinand anali atapereka theka lokha. Apongozi akewo sankafuna kubweza theka limene analandira, bambo akenso sankafuna kumaliza lotsalalo. Akuluakulu awiriwa anakokanakokana zaka 7, mtsikanayo akulowa m'ngongole, akulembera bambo ake makalata odandaula kuti akusowa cholipira antchito ake. Mayi ake atamwalira mu 1504 mtengo wake pamaso pa Angerezi unatsika, poti Castile sinalinso m'manja mwa bambo ake. Komabe mtsikana yemweyo mu 1507 anatumikira ngati kazembe wa Spain ku England, chinthu chimene akazi sankapatsidwa.

Henry VIII atangolowa ufumu mu 1509 anamukwatira, Papa Julius II atapereka kale chilolezo choti akwatire mkazi wa malemu mkulu wake. Palibe anamukakamiza. Ndipo mu 1513, Henry atapita kukamenya nkhondo ku France, anasiya dziko m'manja mwa mkazi wakeyo. A ku Scotland atalowa ndi nkhondo anagonjetsedwa ku Flodden, mfumu yawo James IV inafera pomwepo, ndipo amene ankayendetsa dziko ndi kusonkhanitsa asilikali pa nthawiyo anali Catherine.

Chimene chinamugwetsa ndi uchembere. Anatenga pathupi kosachepera kasanu ndi kamodzi. Mwana wamwamuna anabadwa pa 1 Januwale 1511, dziko lonse linasangalala, koma anangokhala masiku 52. Ena anabadwa atafa kale kapena anamwalira atangobadwa. Anapulumuka ndi Mary yekha, wobadwa mu 1516. Mayi amene anaika ana ake m'manda motsatizana chonchi anayenera kutonthozedwa. M'malo mwake, cha mu 1527, mwamuna wake anatsegula Baibulo pa Levitiko 20:21 n'kunena kuti Mulungu akuwalanga chifukwa anakwatira mkazi wa m'bale wake. Vesi limenelo limanena za kukhala opanda ana, pomwe iwo mwana anali naye. Kwa Henry mwana wamkazi sanali kuwerengedwa. Komanso Deuteronomo 25:5 imalamula munthu kulowa chokolo m'bale wake akamwalira wopanda mwana, ndipo otsutsa Henry anamukumbutsa zimenezo. Ine sindikayika kuti chikumbumtima chake chinadzuka maso ake atagwera pa Anne Boleyn.

Tsono tamvetsani chimene ankamupempha Catherine. Sankanena kuti banja lithe basi. Ankafuna kuti avomere kuti banjalo silinakhalepo chiyambire, kuti zaka zonsezo ankangokhala ndi mlamu wake mwachisawawa, ndiye kuti Mary ndi mwana wapathengo wosayenera ufumu. Ndi mayi uti angasainire zimenezo? Iye analumbira mpaka imfa kuti ndi Arthur sanagonepo. Pa bwalo loweruza nkhaniyi ku Blackfriars mu Juni 1529 anadzuka pampando wake, anakagwada pamaso pa Henry, n'kumupempha kuti anene yekha pamaso pa Mulungu ngati sanamupeze ali namwali. Henry sanayankhe. Catherine anatuluka, ndipo ngakhale anamuitana katatu sanabwerere.

Ena amati akanangovomera kulowa m'nyumba ya masisitere, monga kadinala Campeggio, nthumwi ya Papa, anamulangizira, England sikanapatukana ndi Roma ndipo anthu ambiri sakanaphedwa. Mfundo imeneyi ndi yolemera, sindikuipeputsa. Mpingo wa Anglican umene tili nawo kuno, mpaka tchalitchi chachikulu cha pa Likoma, mizu yake ina ili pa mkangano umenewu, ndipo magazi anakhetsedwa mbali zonse ziwiri. Koma n'chifukwa chiyani mlandu wa zonsezo timausenzetsa mkazi amene anakana kunama, osati mwamuna amene anasintha malamulo a dziko kuti apeze chimene mtima wake unkafuna? Ndikudziwanso kuti Papa Clement VII ankazengereza poopa Charles V, mwana wa Juana uja, amene asilikali ake anali atasakaza Roma mu 1527. Ndale zinalipo. Koma Catherine sanalimbikitse kuti anthu amuukire Henry ndi zida m'dzina lake, ngakhale anthu wamba ankamukonda ndipo mpata unalipo.

Mtengo umene analipira ndi waukulu. Mu 1531 anamuchotsa kunyumba yachifumu, ndipo sanamulolenso kuonana ndi Mary. Mu 1533 Thomas Cranmer, bishopu wamkulu wa ku Canterbury, analengeza kuti ukwati wake sunali ukwati, ndipo Henry analamula kuti azitchedwa mkazi wamasiye wa Arthur. Iye anapitiriza kusaina makalata ake ngati mfumukazi. Anamwalira ku Kimbolton pa 7 Januwale 1536 ali ndi zaka 50, n'kuikidwa ku Peterborough. Henry sanapite kumaliro, ndipo analetsa Mary kukaika mayi ake.

Mwana wamwamuna amene Henry ankamufunitsitsa uja, Edward, anabadwa kwa mkazi wachitatu, koma anamwalira ali ndi zaka 15. Mu 1553 Mary analowa ufumu. Ulamuliro wake sindiuikira kumbuyo, chifukwa anatentha anthu a chipulotesitanti oposa 280, ndipo kuzunzika kwa paubwana sikuchotsa mlandu umenewo. Koma limodzi mwa malamulo oyambirira amene nyumba ya malamulo inakhazikitsa chaka chomwecho linali lonena kuti ukwati wa Henry ndi Catherine unali woona ndi wovomerezeka.