Inu othamangira kukadzipereka kunja musanakonzeke, tamverani kuno

Ana inu, ndikuyankhula ngati kholo ndipo amene akhumudwe akhumudwe basi. Zomwe ndikuona masiku ano sizikundisangalatsa ngakhale pang'ono. Munthu walandira kaimelo kamodzi koti bungwe lakuti lakutenga ukagwire ntchito yongodzipereka kunja, tsiku lomwelo nkhani ili kale pa Facebook, chikwama chagulidwa, anzake akumuyamikira, koma ukamufunsa kuti bungwelo linalembetsedwa kuti, ukagona kuti, ukadwala akakulipirira ndani, amangoti zikaoneka konko. Zikaoneka konko, kudziko la eni? Mtima wofuna kuthandiza muli nawo, sindikukana, koma munthu wopita osakonzeka amakasanduka katundu wa anthu omwewo amati akawathandize, m'malo mosamalira odwala awo ayambe kuthamanga ndi iweyo.

Tayambani mwatsegula pasipoti yanuyo muone deti. Maiko ambiri amafuna ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, ndipo a ndege amakubweza pa kauntala pomwepo, tikiti yako ili m'manja, kulira kwako sikuwakhudza.

Ndiye pali bodza ili lomwe mukunamizana m'magulu a WhatsApp loti poti sukalandira malipiro ndiye viza ya mlendo wongocheza ikukwanira. Anakuuzani ndani? Maiko ambiri ntchito amaiona ngati ntchito, ulipidwe usalipidwe. Ku UK mwachitsanzo, wolowa ngati mlendo amaloledwa kudzipereka masiku osapitirira 30 ndipo pa bungwe lolembetsedwa, ukafuna kukhalitsa pali viza yakeyake ya Charity Worker yofika miyezi 12, yomwe imafuna kuti bungwelo likhale ndi chilolezo chokuitana. Kumaiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, wolowa mongocheza ali ndi masiku 90 pa masiku 180 alionse. Tsono iwe ufike pa eyapoti, ofisala akufunse wabwera kudzatani, iwe nkumati kudzacheza pamene m'chikwama muli kalata ya bungwe yonena kuti Lolemba ukuyamba ntchito. Akakugwira bodza amakukweza ndege yobwerera, ndipo ku UK konko chinyengo pa viza chingakutsekere chitseko mpaka zaka 10. Tsogolo lonse la sukulu ndi ntchito kuliwononga chifukwa cha ulesi wowerenga tsamba limodzi la ofesi ya kazembe.

Bungwe lenilenilo mwalifufuza? Akuluakulu anati safunsa adadya phula. Mabungwe a ku England ndi Wales ali m'kaundula wa Charity Commission, aliyense atha kusaka dzina pa intaneti mwaulere, maiko enanso ali ndi kaundula wawo. UN Volunteers, nthambi ya bungwe la United Nations (UN) yotumiza anthu odzipereka, salipiritsa munthu kuti afunsire malo, ndiye wina akakutumizira kalata ya chidindo cha UN nkumati tumiza ndalama ya fomu ku nambala yake, ameneyo ndi wakuba. Alipo mabungwe oona omwe amalipiritsa chakudya ndi pogona, koma afunseni akulembereni ndalamayo ikupita kuti, maola ogwira ntchito ndi angati, tsiku lopuma ndi liti, wokuyang'anirani dzina lake ndani. Pemphani kuyankhula ndi munthu amene anapitako nkubwerako. Ndipo ichi muchisunge: pasipoti yanu asakusungireni munthu, kaya ndi bwana kaya ndi m'busa. Ozembetsa anthu amayambira pomwepo, mawu okoma, tikiti yaulere, ukafika akulanda pasipoti ati tikusungire.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi cha nyumba za ana amasiye. Mumapitako milungu iwiri, kuwanyamula ana, kujambula, kuponya pa Instagram nkhope zawo osapempha aliyense, kenako mwakwera ndege. Mwanayo wazolowera dzanja lanu, mawa kwabwera wina, nayenso wapita, mwezi ndi mwezi akungosiyidwa, mukuganiza mumtima mwake mukumera chiyani? Kafukufuku wa mabungwe oona za ana wakhala akusonyeza kuti ana ambiri a m'nyumba zotere ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo, umphawi ndi umene unawachotsa pakhomo. Ku Cambodia ndi ku Nepal zinapezeka kuti ena amatsegula nyumbazi ngati bizinesi, kutenga ana kumidzi powalonjeza sukulu kuti alendo abwere ndi ndalama, mpaka Australia mu 2018 inafika pozindikira mchitidwewu ngati mtundu wa ukapolo wamakono. Bungwe lomwe likukulolani kukhala ndi ana osakufunsani ngakhale kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, dziwani kuti aliyense woipa limamulolanso chimodzimodzi. Komanso ngati kwanu simuloledwa kubaya jakisoni kapena kubereketsa mayi, musakayerekeze kumeneko poti ndi anthu osauka. Ndi anthu, si pophunzirira.

Za katemera musamadikire mlungu womaliza. Pitani kuchipatala kukadali mwezi kapena iwiri, chifukwa ena amabaya kangapo motalikitsa masiku, monga wa chiwewe ndi wa hepatitis B. Satifiketi ya yellow fever imayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 chibayireni, ndiye wobayitsa dzulo nkunyamuka lero akhoza kukanizidwa pachipata. Kumene kuli malungo, mapiritsi oteteza ali ndi malamulo ake, doxycycline umapitiriza kumwa milungu 4 utachokako, osati kutaya paketi tsiku lobwerera. Amene mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku tengani okwanira, m'mapaketi ake enieni, ndi kalata ya dokotala. Ndipo musanyamulire munthu mankhwala, ochepetsa ululu monga tramadol ndi codeine amangitsa anthu kumaiko ngati Egypt ndi United Arab Emirates.

Inshulansi nayo mumaiona ngati kutaya ndalama eti. Viza ya Schengen saipereka popanda inshulansi ya chipatala yofika 30,000 euro, mukuganiza anangolota nambala imeneyo? Werengani timalemba ting'onoting'ono tija, zina sizilipira ukavulala pa ntchito yamanja ngati yomanga, zina zimakana ukagwa pa njinga yamoto ulibe laisensi kapena chipewa, pamene ngozi zapamsewu ndi zomwe zimapha apaulendo athanzi kuposa matenda omwe mumawaopawo. Onetsetsani kuti ikulipira ndege yokubweretsani mutadwala kwambiri, komanso, ndinene poyera ngakhale simufuna kumva, yobweretsa thupi, kuti makolo anu asadzayende ndi mbale yopemphetsa ali ndi misozi.

Musananyamuke jambulani pasipoti, viza ndi inshulansi, kope ina isiyeni kwa m'bale wodalirika pamodzi ndi adiresi ya komwe mukagone ndi nambala ya wokuyang'anirani. Nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko lanu ilembeni papepala, foni imabedwa. Ndipo mukhale ndi ndalama yapadera yokwanira kusintha tikiti ndi kugona masiku angapo, yomwe bungwelo silikuidziwa, kuti zinthu zikakaipa mukathe kunyamuka osapempha chilolezo kwa munthu.