Matama a ku Malawi ndi kuzimvela kwa mu Lusaka

Ife amene timakhala mu Lusaka muno koma abale ali ku Chipata, Mchinji mpaka Lilongwe timaiona bwino nkhani ya matamayi. Mtsikana amene pa mashopu a Manda Hill mu Lusaka palibe ndi mmodzi yemwe amamucheukira, akangodutsa boda ya Mwami kulowa ku Malawi ndi wigi yake ndi kayendedwe kakeko, asanatsike n'komwe basi anthu ayamba kale kunong'onezana kuti koma ndiye ngoyerekedwa uyu.

Ku Malawi mawu ake ndi ankhaninkhani. Matama, kuyerekedwa, kudzitukumula, kunyada, achinyamata amati akudzimva shuga, ndipo akamakunena amangoti amadziona ngati ndani. Chimene chimandiwawa ine n'choti mawuwa amagwera aliyense amene wasiyana ndi anzake ngakhale pang'ono. Mwana amene sadya mbewa chifukwa zimamunyansa basi, akuti matama. Munthu wofatsa amene sakonda zocheza pagulu akuti ngonyada, pomwe mwina ndi manyazi chabe amene anabadwa nawo. Ine ndimaona ngati zina zinachokera nthawi ya Kamuzu, paja mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, akazi osavala thalauza kapena siketi yosafika m'mawondo, amuna a tsitsi lalitali ankametedwa, ndipo zinakhala choncho mpaka ulamuliro wake utatsala pang'ono kutha. Anthu anazolowera kuti kuoneka mosiyana ndi mlandu. Chonsecho mwini wakeyo ankavala suti ya mapisi atatu ndi chipewa, litchowa m'manja, pamsonkhano kulankhula Chingerezi wina n'kumamasulira.

Kuno a Kaunda anali ndi kampango kawo koyera kosachoka m'manja, a Chiluba nsapato za chidendene chachitali ndi masuti, anthu ankaseka inde koma ankati ndi mmene alili. Lusaka ndi tauni ya obwera, Abemba, Atonga, Alozi, Ansenga, ife akum'mawa, ndiye ukavala zachilendo kapena uli ndi kalankhulidwe kakokako palibe ali ndi nthawi yoti akulondole. Chimene anthu a kuno sakhululuka ndi kuzimvela, ndipo akamanena choncho amayang'ana mmene ukuwatengera anthu. Wakulira ku Chawama kapena ku Matero, lero wapeza ntchito wasamukira ku Kabulonga, ukufika pa msika wa Soweto mayi wogulitsa tomato akukupatsa moni m'Chinyanja iwe n'kuyankha m'Chingerezi ngati sukumva, pamenepo ndiye amakuika m'gulu la ma some of us, anthu odziona ngati apamwamba kuposa anzawo, kapena kondakitala wa minibasi akutcha apamwamba basi yonse ikumva. Apa ine ndili mbali ya Lusaka, chifukwa wonyozedwayo ndi mayi uja, wigi sinalakwire munthu.

Ku Zimbabwe nkhani yawo ili pa lilime kwambiri. Dziko litalandira ufulu mu 1980 ana achikuda anayamba kulowa masukulu amene kale anali a azungu, n'kutuluka ndi Chingerezi cholankhulira m'mphuno, ndiye anawatcha manozi, kenako masaladi. Koma mwana amene wakulira m'sukulu imeneyo sakuyerekeza chilichonse, ndi mmene anaphunzirira kulankhula, mosiyana ndi m'bale wathu amene wakhala ku Joni miyezi yochepa chabe n'kubwera ndi eish ndi neh pa chiganizo chilichonse. Anzathu a ku Congo ndiye za zovala sabisa, masapeur a ku Kinshasa, anthu okonda kuvala zovala zapamwamba, kutchena kwawo ndi luso lochita kuomberedwa m'manja.

Komabe Lusaka ili ndi bala lake. Poti kuoneka bwino sikunyozedwa, anthu ambiri akudzipha nako. Kitchen party imodzi mayi kusoketsa chitenge chatsopano, tsitsi, zikhadabo, mphatso yoti anzake aione, ndalama yake ya kaloba, ija ku Malawi amati katapila, mwezi ukatha wobwereketsa ali pageti kudzanyamula TV ana akuonerera. Ndawaona mabanja akukangana chifukwa cha foni yodula yogula pangongole pomwe lendi ya nyumba sinalipidwe ndipo mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu.