Pemphero la amene abwerera ku Chipata koma mtima watsala ku Dar es Salaam

Atate wakumwamba, Mlonda wa apaulendo, tikugwada pamodzi ndi abale ndi alongo athu amene anabereka chikwama kumsana, natuluka paboda la Mwami, nabwerako amoyo. Munasunga kutuluka kwawo ndi kulowa kwawo monga likunenera Salmo 121. Landirani ulemu.

Njira ija mukuidziwa Inu, Ambuye. Mchinji, Lilongwe, usiku wonse m'basi kudzera Mzuzu ndi Karonga mpaka pamlatho wa Songwe, paboda la Malawi ndi Tanzania, pamene osintha ndalama ena amapinda shilingi pakati kuti iwerengedwe kawiri. Munali nawo. Akawoloka mlathowo nthawi imatsogola ndi ola limodzi, ndipo woiwala kusintha wotchi amapeza basi ya ku Mbeya itapita. Wina amauzidwa kuti anyamuka "saa kumi na mbili", ndilo ola la 12 m'Chiswahili, iye n'kuyembekezera 12 koloko, osadziwa kuti kumeneko maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka ndiponso likalowa, ndiye kuti ndi 6 koloko m'mawa. Munawatsitsa bwino m'makona a phiri la Kitonga. Amene anazungulira ku Kapiri Mposhi kukakwera TAZARA, makilomita 1,860, sitima n'kuima patchire madzi akumwa atatha m'botolo, munawafikitsanso. Ndani akanatero, koma Inu nokha?

Chimene chatigwaditsa lero ndi china, Atate. Thupi lafika, mtima sunafike. Akuyenda mumsika wa Kapata koma m'mphuno muli fungo la nyanja yamchere, nsomba za pa Kivukoni m'bandakucha, pantoni yowolokera ku Kigamboni, phokoso la Kariakoo, tinjira topapatiza ta Stone Town ku Zanzibar. Amai akupakula nsima ya chibwabwa chotendera, mwana akungotosatosa, maganizo ali pa chipsi mayai. Usiku tulo palibe, n'kumangobwereza zithunzi zomwezo pafoni mpaka tambala woyamba. Achitireni chifundo. Gwirani mitima imeneyi, ikhazikeni pansi, itontholetseni. Inu simunyoza misozi ya wosowa mzinda, pakuti ana anu anakoleka azeze awo m'mphepete mwa mitsinje ya Babulo pokumbukira Ziyoni, ndipo munawamva.

Komabe tikukumbukira Numeri 11. Aisraeli analirira nsomba, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo za ku Igupto, njerwa ndi mkwapulo osazitchula n'komwe. Ndi mmene mtima umapetera, Ambuye: umasunga mphepo ya kunyanja, n'kutaya thukuta losagonetsa, udzudzu, nsikidzi za m'chipinda chogona anthu asanu ndi atatu, foni yosololedwa m'daladala, minibasi ya kumeneko. Mlendo ndi mame. Wokhala milungu iwiri sanalipireko lendi, sanafunefune ntchito, sanadwalire kumeneko popanda wom'phikira phala. Akumbutseni zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kuti chikondi chawo pa mzindawo chikhale choona.

Ndikhululukireni ine woyamba, Ambuye. Pakamwa pangapa pananyoza fumbi la kwathu ndi njinga za m'misewu yathu, ndipo anthu ondikonda ndinawayankha mwachidule ngati ondichedwetsa. Ndachimwa. Nditsukeni.

Ndipo iwe m'bale amene ukuganiza zotenga kaloba kuti ubwerereko mwezi uno, ima! Wobwereka 1,000 kwacha angathe kubweza 1,500 mwezi ukatha, ndipo akalephera chiwongoladzanja chimaberekanso china. Ukufuna kugulitsa feteleza wa kumunda mvula ya Novembala ili pakhomo? Kumbukira mkazi wa Loti. Atate, mangani dzanja limenelo lisanasaine. Dulani msampha wa ngongole, udukiretu, m'dzina la Yesu.

Tikupempheranso matupi awo. Malungo amabisala sabata imodzi kapena ziwiri asanaonekere, ndiye wina akayamba kutentha thupi, litsipa ndi kuphwanya m'mfundo, asanene kuti ndi kutopa kwa ulendo kapena kusowa anzake. Mumudzutse apite kukliniki tsiku lomwelo akayezetse magazi, ndipo mankhwala akapatsidwa amalize onse, asasiyire panjira poti wayamba kupezako bwino. Amene chisoni chamukanirira milungu, osadya, osatuluka m'nyumba, mutumizireni munthu womumvetsera, kaya abusa, kaya mnzake wokhulupirika, kaya a zaumoyo.

Ngati n'kufuna kwanu kuti adzauonenso mzindawo, atsegulireni khomo loyera. Apatseni kuleza mtima kosunga pang'onopang'ono m'chilimba. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa, khadi lachikasu la katemera likhale m'thumba la mkati pamodzi ndi fotokope. Awerenge masiku amene alembedwa pachidindo cha paboda, asapitirire, asagwire ntchito ndi chidindo cha mlendo, chifukwa kumeneko n'kudziitanira chindapusa ndi chitolokosi. Tikiti ya boti la ku Zanzibar akagule pawindo, asapereke ndalama kwa anyamata omuthamangira kunja kwa doko. Ndipo asanyamuke mozemba, makolo adziwe, awadalitse.

Pakali pano tsegulani maso awo pano pomwe mwawaika. Munauza otengedwa ukapolo mwa Yeremiya kuti afunire mtendere mzinda umene akukhalamo. Aone dzuwa likamatsikira kuseri kwa mapiri otizungulira, amve mgugu wa mapazi a Angoni ku Mtenguleni mu Febuluwale, aone alendo obereka zikwama zonga zawo akutsika pano paulendo wa ku Mfuwe, amene nawonso akafika kwawo amakatisowa ife. Bwezerani chilakolako cha chakudya, bwezerani tulo, bwezerani kuseka pakhonde madzulo. Musawasiye, musawataye, Mbusa wabwino.

Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Mpulumutsi wathu. Ameni.