Dzina silichapidwa ndi sopo, alamu

Lero ndilankhula, wokwiya akwiye.

Dzulo madzulo ndikufika kuchokera kuntchito, nsapato ndisanavule n'komwe, ndapeza alamu anga ali pakhonde, nkhope ili gwa ngati kwagwa zovuta. Mtima unandidumpha, ndimati kapena kumudzi kwachitika maliro. Ayi ndithu. Akuti, "Alamu, mundithandizeko K150,000, ndibweza mwezi ukatha." Ndati ya chiyani? Akuti anapita kubanki kukapempha ngongole yogulira njinga yamoto ya kabaza, ndiye awakaniza chifukwa dzina lawo likuoneka ku Credit Reference Bureau, kuja amasunga mbiri ya ngongole za anthu. Tsono apeza mkulu wina pa WhatsApp amene akuti amadziwana ndi am'kati. Ukampatsa K150,000 amakafufuta dzina lako mu kompyuta, iwe n'kutuluka woyera ngati khanda.

Ndinangowayang'ana. Anthu omwewa ali ndi K300,000 yanga kuyambira mu Epulo 2022. Anandiuza mawu omwewo, akuti mwezi ukatha. Sindikudziwa kuti mwezi wake unali uti, chifukwa miyezi yatha yambirimbiri ine ndili maso kunjira. Chikongolereni ndalama imeneyo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale atandibwezera lero yonse, zimene ikanagula nthawi ija sizingagulikenso. Koma ayi, sabweza. Abwera kudzakongola ina, yoti akalipire munthu wowabisira ngongole zina. Zoona abale?

Ndanena kwa iwo ndipo ndikunenanso pano kuti ena amve: dzina loipa ndi ngongole limakonzedwa ndi kubweza ngongoleyo. Basi. Palibe sopo, palibe sing'anga, palibe wam'kati.

Anthu akumatenga ngati ku bureau kuli mfiti imene imadzuka m'mawa n'kusankha anthu oti iwalodze. Kumene kuja sapeka nkhani. Lamulo lake lilipo kuyambira 2010, ndipo makampani osunga mbiri ya ngongolewa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama ndiwo amatumiza kumeneko kuti uje anatenga zakuti, akubweza bwino kapena anathawa. Ukapita kukapempha ngongole kwina, iwo amayamba afunsa kumeneko. Chimene amaona ndi chimene unachita iwe mwini. Ndi kalilole. Ukaona nkhope yakuda pa kalilole, umatukwana kalilole kapena umakasamba?

Ndiye wa pa WhatsApp uja akafufuta chiyani? Ngakhale atakhaladi ndi mnzake kumeneko, ku banki kumene munakongola buku lawo likunenabe kuti simunabweze, ndipo adzatumizanso zomwezo. K150,000 yapita, dzina lili pomwepo, ndipo mwaonjezera ngongole ina kwa ine. Mlandu suola, alamu. Mlandu suola.

Pali ena dzina lawo limaipadi molakwika, munthu anamaliza kubweza koma kumene anakongola sanatumize uthenga woti wamaliza. Zimenezo zimachitika. Koma wotero safuna wam'kati. Amatenga malisiti ake, amapita masana dzuwa likuswa mtengo kumene anakongolako, amapempha kalata yoti anamaliza, n'kukadandaula kuti akonze. Ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa pa dzina lake. Ndinawafunsa alamu, malisiti anu ali kuti? Zii. Munabweza zingati? Zii. Akungokanda m'mutu, akuti zinthu zinavuta.

Inde zinthu zavuta, zadula, malipiro sakwera, tonse tikugula msika umodzi.

Koma tiyeni tinene zoona. Ngongole yoyamba ija ya kubanki sinagule fetereza. Inagula mipando ya sofa ndi TV yaikulu yoti mpira uzioneka bwino. Yachiwiri, ya kubungwe lija lodula pa malipiro, inapita ku chinkhoswe cha mwana wa mnzawo chifukwa anawaika mu komiti ndipo sakanaoneka otsalira pa perekaniperekani. Itafika nthawi yoti malipiro akubwera odukaduka, anapita kwa wakatapila, n'kusiya khadi la ATM ndi nambala yake yachinsinsi. Munthu wamkulu, wa ana atatu, malipiro ake amayamba kuwaona mwamuna wina. Wakatapila akatapa zake, iwo amalandira zotsala ngati mwana wolandira ya bonya. Kenako ngongole za pa foni. Amatenga, n'kuthyola simu khadi, n'kugula ina, kuyesa achenjera. Kuiwala kuti simu masiku ano imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo nambala ya chiphaso sisintha ngakhale utasintha simu makumi awiri. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chimene chikundiwawa kwambiri si K300,000 yanga ayi. Ndi mayi a kunyumba kwanga. Mlongo wawo weniweni. Anawaimira ngati mboni ku banki m'khonde, chifukwa magazi ndi magazi, akanatani? Alamu anatenga, anabweza mwezi umodzi, kenako foni yawo inayamba kusapezeka. Pofika Disembala, amayi anzawo akugawana ndalama, wina akukagula malata, wina mbuzi, wina fizi ya mwana ya teremu yachiwiri, akazi anga anabwera ndi chitenje chokha m'manja. Masheya awo a chaka chonse, ndalama ya mandasi yodzukira 4 koloko m'mawa, anadula yonse kubweza ngongole ya mchimwene wawo. Analira usiku wonse. Amayi a gulu aja sindiwada, anachita zimene anagwirizana. Alamu anabwera kudzapepesa? Anabwera pa Khirisimasi kudzadya mpunga wa nkhuku.

Ndiye lero akuti dzina lawo laipa ku bureau. Alamu, dzina lanu linaipa kalekale kuno kwathu kompyuta isanadziwe. Linaipa kwa mayi wa pa okala amene munamutenga shuga ndi sopo pa ngongole n'kuyamba kuzungulira njira ya kuseri kwa tchalitchi. Linaipa kwa amayi a banki m'khonde. Linaipa kwa mlongo wanu. Limenelo akafufuta ndani? Wa pa WhatsApp yemweyo?

Ndinawauza kuti khalani pansi, tengani kope ndi cholembera, lembani aliyense amene muli naye ngongole ndi ndalama yake. Anthu ambiri angongole sadziwa n'komwe kuti zonse pamodzi ndi zingati, amaopa kuwerengera ngati mmene ena amaopera kukayezetsa magazi. Yambani ndi wakatapila chifukwa ndiye akukudyani kwambiri, chiwongoladzanja chake chimabereka mwezi ndi mwezi, mukatenge khadi lanu. TV igulitseni, mpira mukaonera kwa aneba. Kubanki pitani nokha asanakuitaneni, mukawauze kuti zonse sindingathe koma zakuti pa mwezi ndikwanitsa, mugwirizane, zilembedwe. Wobwereketsa amamvera munthu wobwera yekha kusiyana ndi wothawa. Lisiti lililonse musunge. Ndipo musakongolenso kwina kuti mutseke kuno. Zitenga nthawi, mwina chaka, mwina zaka ziwiri, koma mbiri ija imalembanso kubweza kwanu monga mmene inalembera kuthawa kwanu.

Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti, "Alamu, ine ndabwera kudzapempha thandizo, osati uphungu." Anadzuka, tiyi osamaliza, n'kumapita. Usiku womwewo apongozi anga akuimba foni kuchokera kumudzi, akuti mwamuchita chiyani mwana wanga, chuma chisakutayitseni abale. Chuma chake chiti? Ine ndimakwera minibasi, iwo ali ndi sofa.

Apa ndiye pamene pamandinyansa ife Amalawi. Munthu pokongola amabwera chogwada, mawu ofewa, achimwene, bwana, adona, Mulungu akudalitseni. Tsiku lokafunsa ndalama yako, iwe ndiwe woipa. Umachita kuyamba ndi moni wautali, kufunsa za ana, za mvula, kenako mwamanyazi, "paja kanthu kaja." Mwini ndalama kuchita manyazi, wangongole ali phee! Akuyankha kuti, "Ndalama yochepa yomweyo mpaka kundisowetsa mtendere?" Ngati ndi yochepa bwanji osangobweza? Ukalimbikira akutchinga pa WhatsApp. Mawa lake ukuona zithunzi pa Facebook, ali kunyanja ku Salima, magalasi akuda kumaso, alemba kuti Mulungu ndi wabwino nthawi zonse. Ndi wabwinodi, koma ndalama ya mafuta opitira kumeneko ndi yanga.

Ndipo timawaphunzitsa ndife. Timati zapachibale sitiwerengera. Timati tisayambane chifukwa cha ndalama. Munthu amazolowera kuti ngongole ndi mphatso yochedwa kuthokoza, ndiye akapita kubanki amayesa kulinso apongozi oti amuikire kumbuyo. Kulibe. Kompyuta ilibe mlamu.

Ena mubwera kudzandiuza kuti nkhani za m'banja sazitulutsa pabwalo. Sindinatchule dzina la munthu. Ngati mwadziona, ndiye kuti nanunso muli ndi ya wina, kabwezeni. Ena muti munthu akagwa timamudzutsa. Ndinamudzutsa mu 2022. Akazi anga anamudzutsa ndi masheya awo. Kudzutsa kwake kukhale kangati munthu akugona dala? Akabwera ndi kope lija atalemba, ndikhala nawo pansi, ngakhale kubanki ndiwaperekeza, minibasi ndilipira ine. Koma ya wam'kati sinditulutsa ngakhale K50.

Komanso alamu, poti ndikudziwa kuti muwerenga izi pa foni ya akazi anu: wilibala yanga ija munabwereka pomanga khitchini ndikuifuna Loweruka, ndi tayala lake lomwe.