Luso lalikulu lili pa chikopa

Nkhani imene mwalemba yafotokoza bwino mmene zidole za mthunzi za ku China zimaseweredwera kuseri kwa nsalu yoyera nyali ikuwala. Koma mwadutsa mofulumira pa anthu amene amazipanga, pomwe ntchito yaikulu ili pamenepo.

M'chigawo cha Shaanxi amakonda kuzipanga ndi chikopa cha ng'ombe, mumzinda wa Tangshan cha bulu. Chikopacho amachiviika m'madzi, n'kuchipala mobwerezabwereza mpaka chipyapyale moti kuwala kuzidutsa. Kenako ndiye kusema. Amisiri a ku Huaxian, dera la ku Shaanxi komweko, ali ndi njira yawoyawo: mpeni amaugwira chilili osausuntha, chala n'kumakankha chikopacho kuti chiziyenda pansi pa mpeniwo. Maluwa a pa mkanjo, ndevu, ngakhale nsidze, zonse zimatuluka motero. Akamaliza amapaka utoto, n'kuchipsinja pa kutentha kuti chisapindike.

Manja, miyendo ndi chiuno amazilumikiza ndi ulusi, ndipo timitengo titatu ndito timayendetsa chidole chonse: kamodzi pakhosi, tiwiri m'manja. Mutu umachotseka, choncho thupi limodzi lingakhale la mkulu wa asilikali lero, mawa la munthu wina.

UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, inaika luso limeneli pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2011. Zimenezo n'zabwino ndithu, koma chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti zidole zambiri zogulitsa kwa alendo masiku ano zimadulidwa ndi makina. Chonde, ulendo wina mudzatilembere za amisiri achikulire amene akusemabe ndi manja, ndiponso ngati achinyamata akubwera kudzaphunzira kwa iwo.