Bomba silikalamba, inu!

Zomwe ndamva sabata ino zandinyansa. Anyamata ena kuno kumalire a Mozambique afukula bomba la mota (loponyedwa ndi mfuti yaikulu) m'munda. Kukauza mfumu ayi, apolisi ayi. Achimangirira pa njinga, ulendo kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo wina akuti anali atayamba kale kuchigogoda ndi nyundo, ati mkati muli mkuwa. Nyundo! Ana inu, mitu yanu ikuyenda bwino?

Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, inde. Koma ndani anakauza mabomba ali m'nthakamo kuti Frelimo ndi Renamo anasainirana mtendere ku Rome? Zambiri mwa zida zimenezi zinachokera ku Soviet Union, ndipo anazipanga kuti zidikire. Bomba lokwirira la PMN ndi la m'zaka za m'ma 1950, koma mpaka lero kaphazi ka mwana nkokwanira kuliphulitsa. Giranedi ya F-1 imakupatsa masekondi 3 kapena 4 basi. Uthawira kuti? Ndiye wina nkumati lachita dzimbiri, linafa kale. Dzimbirilo ndiye limalipsetsa mtima.

Musandiuze zoti Mozambique inalengeza mu 2015 kuti mabomba okwirira atha. Anachotsa m'malo omwe ankadziwika, ndipo a HALO Trust, bungwe lochotsa mabomba okwirira, okha anafukula oposa 171,000. Nanga zipolopolo zomwe asilikali anataya m'thengo pothawa, anaziwerenga ndani?

Ku Göttingen, m'dziko la Germany, akatswiri atatu anafa mu 2010 ndi bomba la nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anthu ophunzira ntchitoyo, a zipangizo zawo. Ku Malhazine, mu mzinda wa Maputo, zida zakale zinaphulika zokha m'nkhokwe ya asilikali mu 2007, anthu pafupifupi 100 nkupita. Iwe wa nyundo ndi patapata ndiwe ndani?

Akuluakulu nanunso mukuchititsa manyazi. Ana akusewera ndi chinthu chotere pabwalo, inu muli phee pa bawo. Ena mpaka kuchiika pa mafuwa, chifukwa ati chimagwira bwino mphika. Ena kuunjikana ndi mafoni, aliyense afuna chithunzi cha pa WhatsApp. Ndipo inu ogula zitsulo, mumangoponya pa sikelo chilichonse chobwera m'thumba, osafunsa n'komwe kuti chachokera kuti. Ndalama yake ingagule ngakhale bokosi la maliro?

Mukachiona, musachikhudze. Chotsani ana, ikani chizindikiro chapatali, kauzeni apolisi. Zopusazi zithe.